MATENDA A KUKAYIKIRA ANTHU NDI MANKHWALA AKE

Mau amene adalankhula Mlembi wa bungwe la amayi la ku Khuyu pa tsiku la chikondwerero

 

Komiti yathu idagwirizana kuti pa chikondwerero cha chaka chino tisangoŵerenga za chuma cha bungwe ndi za maliro amene tidathandiza, koma tikambeko za matenda ena amene ali m'nyumba zathu, amene timachita manyazi kuŵatchula. Tsono idandituma ine monga mlembi kuti ndikakhale pansi ndi achipatala, ndilembe zimene andiuze, ndidzazifotokoze pano m'chinenero chathu. Nkhani yake ndi ya munthu amene mutu wake wasokonezeka, nayamba kukayikira ndi kuopa anthu onse, ngakhale omukonda, ndiponso ya mankhwala amene angamthandize.

Matendaŵa amaoneka bwanji

Tonsefe timakayikirako nthaŵi zina. Usipa ukasoŵa pathandala, mtima umaloza mnzako, koma ukapezeka kuti udadyedwa ndi mphaka nkhani imathera pomwepo. Kukayikira kwa matenda ndi kwina. Munthu amene adali wansangala amayamba kudzitsekera m'nyumba. Akamva ana akuseka pagombe amati akuseka iye. Amakana nsima imene mkazi wake kapena mai wake waphika, nanena kuti mwathiramo chiphe. Usiku sagona, amangosuzumira pazenera, ati pali anthu azinga nyumba. Wina amati wailesi ikunena za iye. Wina amamva mau a anthu amene ife sitikuŵaona, akumtukwana kapena kumlamula. Mwamuna wina amaumirira popanda chifukwa kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi, mpaka kumamlondola akamapita kukatunga madzi. Ungamfotokozere bwanji samva, ndipo ukalaŵa nsimayo iye akuona, amati nawenso uli m'gulu la adani ake.

Amayi anzanga, munthu ameneyu sakunama ndipo sakuchita dala. Mantha ake ndi enieni monga mantha amene inu mungakhale nao mutaona ng'ona m'madzi. Ŵerengani buku la 1 Samueli kuyambira mutu 18. Mfumu Saulo adayamba kukayikira Davide, mnyamata amene ankamuimbira zeze, namponyera mkondo. Pambuyo pake adakayikiranso mwana wake Yonatani, antchito ake, mpaka ansembe a ku Nobu amene adaŵaphetsa osalakwa. Umo ndi mmene mtima wodzala ndi mantha umaonongera banja lonse.

Choopsa china n'chakuti wodwalayo amatchula dzina. Amati agogo akuti ndiwo akundilodza, ndipo achibale amene ali ndi chisoni amakhulupirira. Ife a pachilumba chino tiyenera kusamala kuposa ena. Malo aja tikuti Chipyela ndi pamene kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti, ndipo Kathedirale ya Petro Woyera, imene idayamba kumangidwa mu 1903, idaimikidwa pamenepo kuti nkhanza zotere zithe. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Tsono wodwala akaloza nkhalamba, tidziŵe kuti ndi matenda amene akulankhula. Timtengere iye kuchipatala, nkhalambayo tiiteteze.

Chimayambitsa n'chiyani

Achipatala akuti magwero ake ndi ambiri, ndipo n'chifukwa chake sayamba ndi kupereka mapiritsi, amayamba ndi kupima thupi. Malungo akafika ku ubongo munthu amabwebweta ndi kuona adani. Chimodzimodzi matenda oumitsa khosi, kachilombo ka HIV kakafooketsa thupi, ndi khunyu. Chamba chimasokoneza achinyamata ambiri. Munthu wozoloŵera kachasu akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera ndi kuona zinthu zoopsa pakapita masiku aŵiri kapena atatu. Mankhwala ena a ma ARV otchedwa efavirenz ankaloŵetsa ena maloto oipa ndi kuŵasokoneza maganizo, koma kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malaŵi adasinthidwa kupita ku mtundu wina. Okalamba amene ayamba kuiŵala, makamaka amene makutu agontha, amanena kuti adzukulu akuŵabera. Palinso mai amene wangobereka kumene. Mwa amayi 1,000 alionse, mmodzi kapena aŵiri amasokonezeka mutu ali m'chikuta, kaŵirikaŵiri m'milungu iŵiri yoyamba, naganiza kuti anthu akufuna kumlanda mwana. Ameneyu ngwofunika kuthamanga naye tsiku lomwelo.

Ndiye pali matenda a ubongo weniweniwo, amene madokotala amaŵatcha schizophrenia. Amakonda kuyamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana, chakumapeto kwa sukulu kufikira zaka za m'ma 20. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 14,000 m'boma la Likoma, kuphatikiza Chizumulu. Tikaŵerengera motero, anthu ngati 40 kapena kuposerapo angakhale nao pakati pathu. Ameneŵa si alendo ai, ndi ana athu amene tidaŵabereka ndi kuŵabatiza.

Mankhwala amene alipo

Kale kunalibe mankhwala. Mu 1910 boma la atsamunda lidatsegula malo osungira odwala misala ku Zomba, ndipo malowo adali mbali ya ndende. Chipatala chenicheni cha ku Zomba chidatsegulidwa mu 1953. Chapafupi ndi nthaŵi yomweyo, mu 1952, madokotala aŵiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, adayesa mankhwala otchedwa chlorpromazine pa odwala ao, naona kuti anthu amene ankakhala omangidwa adayamba kugona tulo, kudya ndi kucheza. Kuyambira pamenepo ambiri adatuluka m'zipatala nabwerera kwao.

Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Mu ubongo muli timadzi tina totchedwa dopamine, timene timathandiza munthu kuzindikira chinthu chofunika kuchitchera khutu. Timadziti tikachita mopitirira, chilichonse chimaoneka ngati chizindikiro: chifuŵa cha mnansi, bwato lodutsa, mbalame yotera padenga. Mankhwalaŵa amatseka njira zina za timadziti, ndipo mantha amayamba kuphwa monga nyanja imachitira mwera ukaleka.

Mtundu woyamba ndiwo chlorpromazine yemweyo, amene ambiri timamdziŵa ndi dzina lakuti Largactil. Amagonetsa kwambiri, motero amathandiza munthu amene watha masiku osagona. Koma amachititsa chizungulire munthu akadzuka msangamsanga, amaumitsa kukamwa, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuŵa. Womwa mankhwalaŵa avale chipewa ndi malaya a manja aatali akamapita kunyanja kapena kumunda wa chinangwa. Ngati ali ndi khunyu muŵauze achipatala, chifukwa mankhwalaŵa angautse kugwa.

Wachiŵiri ndi haloperidol, amene adapangidwa ku Belgium mu 1958 m'kampani ya Paul Janssen. Kapiritsi kake n'kakang'ono koma n'kamphamvu. Sagonetsa kwambiri ngati woyamba uja, koma amaumitsa thupi, manja amanjenjemera, malovu amatuluka, ndipo munthu amayenda ngati wakalamba. Ena miyendo siikhazikika, amangoyendayenda. Nthaŵi zina m'masiku oyamba khosi limapotoka, lilime limatuluka, maso amayang'ana kumwamba. Zikatero ambiri amathamangira kunena kuti ziŵanda zamuloŵa, namsiyitsa mankhwala. Si ziŵanda ai. Mtengereni kuchipatala msanga, kumeneko ali ndi mankhwala omasula thupi otchedwa benzhexol, amene ena amati Artane, ndipo angathenso kuchepetsa mlingo. Koma Artane si womwa mwachisawawa kapena kugaŵana ndi anzako, pakuti naye akachuluka amasokoneza mutu ndi kutseka mkodzo.

Wachitatu ndi jakisoni wokhalitsa m'thupi, fluphenazine, amene ambiri adamzoloŵera ndi dzina lakuti Modecate. Amabaya pathako kamodzi pa milungu iŵiri kufikira inayi, ndipo mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono. Poyamba amabaya wochepa kuti aone mmene thupi lamlandirira. Haloperidol nayenso ali ndi jakisoni wa pamwezi. Njira imeneyi imathandiza munthu woiŵalaiŵala, msodzi amene amakagona kutali, ndiponso banja limene latopa ndi kukangana za piritsi usiku uliwonse.

Palinso mankhwala amene adabwera m'zaka za m'ma 1990, risperidone ndi olanzapine. Ameneŵa saumitsa thupi kwambiri ngati akale aja, koma ali ndi zovuta zaozao. Olanzapine amapatsa njala ndi kunenepetsa, ndipo angabweretse matenda a shuga, motero womwayo aziyezedwa sikelo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Risperidone angaimitse msambo ndi kutulutsa mkaka m'maŵere a mai amene sakuyamwitsa. Ndanena zimenezi poyera, amayi anzanga, kuti mtsikana wosalakwa asanenedwe kuti ali ndi pathupi, kapena mkazi wa mwini asathamangitsidwe pa ukwati chifukwa cha piritsi.

Otsiriza ndi clozapine, amene amaperekedwa pamene mitundu iŵiri yayesedwa mokwanira koma osathandiza. Ndi amphamvu, koma angachepetse asilikali a m'magazi, ndipo womwayo ayenera kuyezedwa magazi kaŵirikaŵiri, poyamba mlungu uliwonse. Chifukwa cha chimenechi amaperekedwa ndi madokotala a matenda a maganizo okhaokha. Diazepam, amene mumamva kuti Valium, amangokhazika munthu pansi kwa masiku oŵerengeka. Sachiza kukayikira, ndipo thupi limamzoloŵera akamwedwa nthaŵi yaitali.

Kodi abwino koposa ndi ati? Achipatala akuti, kupatula clozapine, mphamvu zao sizisiyana kwenikweni. Chimene chimasiyana ndi zovuta zake. Motero amayang'ana msinkhu wa munthu, matenda ena amene ali nao, ngati ali ndi pathupi kapena akuyamwitsa, ndiponso mankhwala amene angapezeke mwezi ndi mwezi osadukiza. Amayamba ndi mtundu umodzi, mlingo wochepa, nakweza pang'onopang'ono. Okalamba oiŵala amapatsidwa pokhapokha pakafunikadi, ndipo ochepa zedi, chifukwa kwa iwo mankhwalaŵa amaonjeza ngozi ya kufa ziŵalo.

Kudekha ndi kusadukiza

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tulo ndi bata zimabwera m'masiku oyamba, koma maganizo okayikira aja amachoka mochedwa. Achipatala amadikira milungu 4 kufikira 6 asananene kuti mankhwala alephera. Choyamba mudzaona kuti wayamba kudya nsima ya pakhomo. Kenaka adzasiya kukamba za adani aja, ndipo tsiku lina adzakhala pakhonde kumasoka ukonde ndi anzake.

Pamenepo ndiye pali msampha. Munthu akapeza bwino amati ndachira, ndipo achibale amati asiye mapiritsi chifukwa akumfooketsa. Pakapita miyezi ingapo matenda amabwerera, ndipo nthaŵi zambiri kubwerera kulikonse kumavuta kuposa koyamba. Langizo n'lakuti amene wadwala koyamba apitirize kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo zizindikiro zitatha, ndipo posiya achepetse pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Amene wadwala kangapo angafunike kumwa zaka zambiri, monga amachitira a shuga ndi a ma ARV. Palibe manyazi pamenepo. Mai akatenga pathupi asasiye yekha mankhwala, apite akakambirane ndi anamwino a kusikelo.

Chizindikiro chimodzi musachiiŵale. Womwa mankhwalaŵa akatentha thupi kwambiri, nauma gwa, natuluka thukuta ndi kusokonezeka, musampatsenso piritsi lina. Thamangani naye kuchipatala, usiku kapena usana, ndipo mukanene dzina la mankhwala amene akumwa. Sizichitika kaŵirikaŵiri, koma zimapha. Ndiponso mukaona kuti pakamwa ndi lilime zayamba kutafunatafuna zokha atamwa kwa zaka, kaneneni msanga. Moŵa ndi chamba n'zosayenera konse. Ndipo msodzi amene wangoyamba mankhwala ogonetsa asapite kuchilimira usiku kufikira thupi litazoloŵera, kuopa kusinza m'bwato ndi kugwera m'madzi.

Kumene tingapite

Poyambira ndi pa chipatala chathu cha St Peter's. Pamenepo adzamuyeza malungo ndi matenda ena, ndipo ngati pafunika thandizo loposa adzalemba kalata yomtumizira kumtunda. Ku Mzuzu kuli a St John of God, amene akhala akusamala odwala maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma. Si aliyense amene amagonekedwa. Ambiri amalandira mankhwala nabwerera kunyumba. Koma ife tili pachilumba, sitima siifika tsiku lililonse, ndipo m'miyezi ya mwera nyanja imatseka njira. Tsono musadikire kuti botolo lithe. Pitani kukatenga ena kukadali mapiritsi a mlungu umodzi kapena iŵiri, ndipo kabuku kakuchipatala kasungidwe pouma, kuti ngati mtundu wina wasoŵa achipatala adziŵe choloŵa m'malo mwake.

Kodi pemphero silikwanira?

Funso limeneli ndalimva kwa ambiri. Mfumu Hezekiya atadwala adapemphera ndi misozi, ndipo Mulungu adamumva, komabe mneneri Yesaya adalamula kuti aike nkhuyu pachithupsa chake. Zili pa Yesaya mutu 38. Luka amene adalemba Uthenga Wabwino adali sing'anga. Amishoni amene adatibweretsera Mau a Mulungu adamanganso chipatala pafupi ndi tchalitchi. Motero pemphero ndi piritsi si adani. Aliyense amene angauze wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akumuika m'dzenje. Ndiponso popempherera munthu wamantha tisamzinge anthu makumi aŵiri ndi kufuula, chifukwa kwa iye zimaoneka ngati adani aja afika. Apite aŵiri kapena atatu amene iye amaŵakhulupirira, apemphere motsitsa mau.

Ntchito yathu amayi

Poyamba, tisakangane naye ndipo tisamvomereze. Akati mnansi akundilodza, musati ukunama, musatinso inde n'zoona. Nenani kuti, ndaona kuti uli ndi mantha ndipo sukugona, tiye tikapeze thandizo kuti upumule. Ambiri amene amakana mankhwala a misala amalola mankhwala a tulo ndi a nkhaŵa, ndipo kumeneko ndiko kuyamba kwake.

Kachiŵiri, musabise mapiritsi m'phala kapena m'kondoole. Munthuyo akuopa kale kuti mukumthirira chiphe. Tsiku limene adzapeze piritsi m'chakudya adzati ndidanena ine, ndipo sadzadyanso cha m'manja mwanu. Mpatseni poyera, pa ora lomwelo tsiku lililonse, ndipo wopereka akhale munthu mmodzi amene iye amamkonda. Botolo lisungidwe ndi wosamalayo, patali ndi ana.

Kachitatu, musanong'onezane iye akuona, ndipo muletse ana kumseka ndi kumgenda. Chotsani mwakachetechete zikwanje, mipeni, zingwe ndi mankhwala a mbeu. Akanena zodzipha kapena zopweteka munthu, musazitenge ngati nthabwala. Musamsiye yekha, uzani achipatala, amfumu ndi apolisi kuti athandize kumperekeza mwaulemu. Mai amene mwamuna wake akumuopseza chifukwa cha nsanje ya matenda achoke kaye ndi ana akagone kwa abale. Kutero si kuthetsa ukwati, n'kusunga moyo. Kumanga munthu pamtengo ndi unyolo kapena kumkwapula sikuchiza, kumangoonjeza mantha ndi zilonda. Pa Marko mutu 5 timaŵerenga za munthu amene anthu adalephera kumgonjetsa ndi maunyolo, koma Ambuye atamchiritsa adamtuma kwao kwa abale ake.

Kachinayi, tikumbukire wosamala. Kaŵirikaŵiri amakhala mai, ndipo ndiye amene amatukwanidwa, nanenedwa kuti ndi mfiti ndi mwana wake yemwe. Sapita kumunda, sabwera ku misonkhano yathu, ndipo timamlemba kuti wafooka. Mutu umodzi susenza denga. Mmene timagaŵirana masiku okachezera odwala kuchipatala, tigaŵanenso masiku okakhala pakhomo pake kuti iye akatunge madzi, akagone tulo, akalandire Mgonero.

Kachisanu, wodwala akachira tizimlandira. Abwerere kukwaya, kusukulu, kuukonde. Tisamuitane ndi dzina la matenda ake, ndipo zimene adalankhula ali wodwala tisamkumbutse. Ngati adanena munthu za ufiti, akulu a mpingo ayanjanitse mabanja aŵiriwo. Ntchito ndi chikondi zimagwira pamodzi ndi mankhwala.

Komiti ikupempha msonkhano uno kuti uvomereze zinthu zitatu. Choyamba, m'thumba lathu la zachifundo mukhale gawo la ulendo wa wodwala maganizo ndi womperekeza. Chachiŵiri, m'mudzi uliwonse musankhidwe amayi aŵiri osunga chinsinsi, oti azikumbutsa mabanja tsiku la jakisoni ndi lokatenga mapiritsi. Chachitatu, chaka chilichonse pafupi ndi pa 10 Okutobala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira umoyo wa maganizo, tiziitana anamwino adzatiphunzitse, ndipo abambo ndi achinyamata adzakhalepo.

Mary Sumner atayambitsa bungwe la Mothers' Union ku England mu 1876, cholinga chake chidali kulimbitsa mabanja, ndipo chimodzi mwa zolinga za bungweli mpaka lero ndicho kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Yunifolomu imene tavalayi isangooneka pa maliro pokha. Ioneke pakhomo paja pamene anthu amalambalala chifukwa m'nyumbamo muli munthu wofuula usiku. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mulungu wa mtendere akhazike mitima ya odwala athu, alimbitse oŵasamala, apatse nzeru madokotala ndi anamwino, ndipo adalitse bungwe lathu m'chaka chimene tikuyambachi.